Kodi Bambo Mfumu amapuma pa ntchito?

FUNSO: Pa mphakati pathu tinatsutsana mpaka kuiwala korona. Ena akuti wansembe sapuma, amafera pa guwa. Ena akuti akakalamba azipumula ngati a m'boma. Nkhaniyi inayamba liti? (Wowerenga wa ku Kawale)

YANKHO: Zoti wansembe sapuma ndi nthano chabe, achimwene. Chimene satula ndi unsembe, udindo amatula. Malamulo a Mpingo a mu 1983 amati Bambo Mfumu akakwanitsa zaka 75 apemphedwe kulembera Ambuye Episkopi kalata yotula pansi udindo. Ambuye akhoza kuvomera, kapena kumuuza kuti ayambe wadikira. Akapuma, Misa amachitabe, kulapitsa amalapitsabe. Lamulo lomwelo likuti Ambuye amupezere pokhala ndi chomusamalira, ndipo apa ine ndimadabwa nafe akhristu: munthu wopanda mwana womuphikira phala, timamukumbukira pa maliro pokha, titavala nsalu yokhala ndi nkhope yake.

Kalekale ku Ulaya parishi inali ngati munda wa wansembe, kumuchotsapo kunali kovuta. Zinasintha utatha msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, pamene Papa Paul VI anaika zaka 75 mu 1966, kwa ansembe ndi maepiskopi omwe. N'chifukwa chake Ambuye Rémi Sainte-Marie anasiya mpando wa ku Maula mu 2013, n'kulowa Ambuye Tarsizio Ziyaye.

Koma ndiloleni ndikambe za mkulu amene ndimamukonda. Wina akakuuzani kuti Papa Benedict XVI ndiye anayamba kutula pansi upapa, musekeni pang'ono. Mu 1294 makadinala anali atatha zaka ziwiri akulephera kusankha papa. Nkhalamba ina yokhala yokha m'mapiri a ku Italy, Pietro da Morrone, inawalembera kalata yowachenjeza kuti Mulungu awalanga akapitiriza kuzengereza. Makadinala aja anangoti, poti mwatero, upapawo ndi wanu! Pietro anali ndi zaka pafupifupi 80 kapena kuposerapo, poti chaka chake chobadwa olemba mbiri amasiyana nacho. Analowa mumzinda wa L'Aquila atakwera bulu, natenga dzina loti Celestine V. Ku Naples anamangitsa kachipinda ka matabwa m'kati mwa nyumba yachifumu kuti azimva ngati ali kuphanga kwake. Itatha miyezi isanu, anayamba walengeza kuti papa ali ndi ufulu wotula pansi udindo, kenaka pa 13 Disembala anavula zaupapa. Womulowa m'malo, Boniface VIII, poopa kuti anthu amubwezera Celestine pampando, anamutsekera m'linga la Fumone, kumene anamwalira mu 1296. Mpingo unamutcha woyera mu 1313. Achitenso bwanji.

Papa yekha ndiye alibe malire a zaka mpaka lero, pamene kadinala akafika 80 savota nawo posankha papa.

Tsono mu 2009, chivomerezi chitagwetsa nyumba ku L'Aquila, Benedict anapita kukapepesa. Atafika pa bokosi la thupi la Celestine mumzindamo, anasiyapo paliyamu, kansalu kaubweya kovala m'khosi kamene anamuveka tsiku loyamba upapa. Anthu anangoti ndi ulemu wa munthu wamkulu. Mu Febuluwale 2013 anatula pansi.