Adaputala

Ambirife timadziwa adaputala ngati kachipangizo kothandiza pulagi ya miyendo iwiri kulowa pa soketi ya mabowo atatu. Olemba mapulogalamu a kompyuta anabwereka dzinali. Kwa iwo, adaputala ndi kachigawo koima pakati pa zigawo ziwiri zosamvana, n'kumamasulira zopempha za china kuti chinzake chimve, osasintha chilichonse mwa ziwirizo. Erich Gamma ndi anzake atatu anafotokoza njirayi m'buku la Design Patterns mu 1994.

Pulogalamu ya Eclipse imadalira kwambiri njirayi. Plugin (kachigawo kowonjezera pa pulogalamuyo) yobwera pambuyo imafunsa chinthu, kudzera pa njira yolumikizirana yotchedwa IAdaptable, ngati chingadzionetse mwa mtundu umene iyo ikufuna, ndipo adaputala ndiyo imavomera. Koma maadaputala akachuluka, kulondola pamene palakwika kumatopetsa zedi.