Mbiri ya Bakha ku Mzimba ndi Matenda Ake a M'mimba

Angoni anabwera ndi ng'ombe

M'chaka cha 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi. Patapita zaka zambiri, mwana wake M'mbelwa anakhazikika ndi anthu ake kuno ku Mzimba. Chuma chawo chinali ng'ombe. Mpaka lero ku Edingeni, ku Embangweni ndi ku Jenda, ulemu wa munthu uli pa khola lake. Ng'ombe ndi ya malowolo. Bakha satchulidwa pa nkhani zotere. Iye amangozungulira kuseri kwa nyumba, kutola zotsala. Komabe pakasowa ndiwo kapena ndalama ya sopo, amene amapulumutsa banja ndi yemweyu.

Kwawo kwa bakha

Bakha wa nkhope yofiira amene timaweta m'midzi, kwawo ndi ku South America. Anthu a kumeneko anayamba kumuweta kalekale. M'zaka za m'ma 1500 azungu a zombo anamutenga, nafalikira ku Ulaya ndi kuno ku Africa. Bakhayu salira mokweza. Amafungatira mazira masiku 35, pamene nkhuku imafungatira masiku 21.

Ng'ombe ndi nkhuku zinapeza thandizo

Boma linamanga madibi osambitsira ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Linafalitsanso nkhuku zakuda za Mikolongwe. Kenaka kunabwera katemera wa chitopa wodontheza m'diso. Bakha anatsala yekha. Chitopa chikasesa nkhuku pamudzi, iye nthawi zambiri amatsala ali moyo, ndiye anthu anayamba kunena kuti bakha sadwala. Mawu amenewa aphetsa abakha ambiri. Bakha amadwala ndithu, ndipo matenda ake ambiri amayambira m'mimba.

Chaka cha 1960

M'chaka chimenechi ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000. Nthawi yomweyo ku Kenya ndi ku Uganda kunkafa tiana ta abakha. Akatswiri atafufuza, anapeza kuti m'chakudya chawo munali mtedza wa chuku. Chuku chimatulutsa poizoni wosaoneka ndi maso, amene amaononga chiwindi. Mwa mbalame zonse zoweta, tiana ta abakha ndi timene timafa msanga ndi poizoniyu.

Nkhaniyi ndi yathunso. Tikamasankha mtedza, wabwino timasunga, woola timathira pabwalo. Chimanga chovunda cha pansi pa nkhokwe chimapitanso komweko. Madeya amene anyowa ndi kuyanga nkhungu timati ndi a abakha. Zimenezi n'zomvetsa chisoni, chifukwa mayi amene akuthira chakudyacho akuyesa kuti akudyetsa ziweto zake. Kuphika sikuchotsa poizoni wa chuku. Zoolazo zikwirireni.

Akatsegula m'mimba

Zitosi za bakha zimakhala zamadzi ngakhale ali bwino. Musadabwe nazo. Chenjerani mukaona magazi, fungo loipa, nthenga za kumbuyo zitamatana, ndiponso bakhayo atakhala chete osadya.

Mpatuleni kwa anzake. Muikeni pouma, pa mthunzi. Mpatseni madzi oyera, muthiremo shuga pang'ono. Tsukani zitosi zouma kumbuyo kwake ndi madzi ofunda, chifukwa zikatseka njira amavutika kwambiri. Bakha amameza chakudya ndi madzi, choncho madeya ouma musampatse popanda madzi pafupi. Ngati akudya koma akuwonda, mwina ali ndi njoka za m'mimba. Mankhwala ake funsani kwa alangizi a ziweto.

Mu Okutobala madambo akauma, pamatsala zithaphwi zonunkha. Bakha akamwa pamenepo, kapena akadya mphutsi za nyama yakufa, miyendo imafooka ndipo khosi limagwa. Tsekerani abakha ena kuti asapiteko. Wakufa musadye. Mukwirireni mozama.

Potulukira dzira

Bakha ali ndi njira imodzi yotulukira zitosi ndi mazira. Nthawi zina dzira limakanirira. Mudzaona msoti wa bakha ukukankha, mchira uli pansi, koma palibe chotuluka. Uikeni m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 15. Pakani mafuta ophikira potulukirapo. Musafinye mimba. Dzira likaswekera m'kati, bakha angafe.

Nthawi zina mnofu wofiira umatuluka kunja. Apa fulumirani, ntchentche ndi nkhuku zisanafike. Sambani m'manja. Tsukani mnofuwo ndi madzi ofunda. Wazani shuga kuti kutupa kuchepe. Dikirani pang'ono, tsukaninso, pakani Vaseline, ndipo ndi chala mubwezere m'kati pang'onopang'ono. Bakhayo musungeni yekha m'chipinda cha mdima masiku angapo kuti apume kuikira. Mnofu ukada, kapena ukamatuluka kawirikawiri, itanani alangizi.

Vutoli limakula msoti ukanenepa kwambiri, kapena ukamaikira mazira a chikamba chofewa. Sinjani zikamba za mazira zouma kapena zigoba za nkhono, musakanize ndi madeya. Fumbi la usipa nalonso limathandiza. Abakha aamuna akachuluka amavulaza aakazi, ndipo iwonso chiwalo chawo chimatha kutuluka osabwerera. Mwamuna mmodzi akwanira pa akazi anayi kapena asanu. Otsalawo kagulitseni ku msika wa pa Boma kapena wa ku Jenda.