Josephine Baker, wovina wa kumapeto kwa mzere

M'sewero la Shuffle Along, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, kumapeto kwa mzere wa ovina kunkaima kamtsikana kowonda kamene kankachita ngati kaiwala magule. Anzake akaponda kumanja, iko kankapepesukira kumanzere, mawondo akugundana, maso ali tuzu, oonerera n'kumafa nacho chiseko. Nyimbo ikafika pachimake, kankavina moposa onse. Ameneyo anali Josephine Baker.

Anabadwira ku St. Louis m'dziko la America pa 3 June 1906. Mayi ake ankachapa zovala za eni ndalama, ndipo iye asanakwanitse zaka khumi anali akugwira kale ntchito m'nyumba za azungu. Kuseketsa anthu kunali njira yake yothawira umphawi.

Mwayi unamupeza mu 1925 atapita ku Paris ndi gulu la La Revue Nègre. Chaka chotsatira, ku Folies Bergère, anavina atamanga m'chiuno nthochi zopanga, kumtunda kuli pafupifupi mbulanda. Apa mtima wanga umawawa. Azungu a ku Paris ankalipira kuti aone Afirika wa m'maloto awo, wa kuthengo, ndipo mwana wa ku St. Louis anawapatsa zomwe ankafuna. Komabe sindingamuweruze. Kwawo sakanaloledwa kugona m'mahotela ambiri, pamene ku Paris ankayenda m'misewu ndi kakwiyo wake Chiquita, anthu akumupatukira. Kenako anayamba kuimba ndi kusewera m'mafilimu, monga Zouzou ya mu 1934.

Atabwerera ku New York, mu 1936 manyuzipepala anamunyoza. Mu 1937 anakhala nzika ya France.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi imene inaonetsa mtima wake. Poti anali wotchuka, pamalire sankamusecha kwenikweni, choncho ankanyamula zinsinsi za otsutsana ndi Hitler zitalembedwa ndi inki yosaoneka pa mapepala a nyimbo zake. France inamupatsa mendulo ya Croix de guerre. Mu 1951, ali ku America, anakaniratu kuimbira m'nyumba zosankha mtundu. Pa 28 August 1963 anayankhula ku Washington pa msonkhano womwe Martin Luther King anayankhulanso, atavala yunifolomu ya usilikali.

Analera ana khumi ndi awiri a mitundu yosiyanasiyana ku nyumba yake ya Les Milandes, pofuna kusonyeza kuti anthu otere angathe kudyera mbale imodzi. Ngongole zinamulanda nyumbayo, ndipo Grace, mkazi wa kalonga wa ku Monaco, ndiye anamupezera pokhala.

Mu April 1975 anabwerera pa siteji ku Bobino kukondwerera zaka 50 chiyambire kuvina ku Paris. Patangopita masiku anayi, pa 12 April, anatisiya. Mu 2021 France inamulemekeza ku Panthéon, mkazi wakuda woyamba kulandira ulemu umenewo, ngakhale mafupa ake akadali ku Monaco.