Fodya wa Pachala: Chisankho cha Aphungu ku Iceland m'Chaka cha 2016

Kumpoto kwenikweni kwa nyanja yamchere ya Atlantic kuli chilumba chotchedwa Iceland, dziko la madzi oundana, mapiri ophulika moto ndi asodzi a nsomba. Kukula kwake n'kocheperako pang'ono pa kukula kwa Malaŵi, koma m'chaka cha 2016 anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono 330,000, ndipo oposa theka la iwo ankakhala mumzinda wa Reykjavík ndi m'madera ouzungulira. Kwa anthu a ku Mangochi dzina la dzikoli si lachilendo, pakuti kuyambira m'chaka cha 1989 boma lake lakhala likuthandiza Malaŵi, poyamba pa usodzi, pambuyo pake pa zaumoyo, maphunziro ndi madzi akumwa. Nkhani ino ikunena za chisankho cha aphungu chimene chinachitika kumeneko pa 29 Okutobala 2016. Chisankhocho chinaonetsa kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa zinthu zitatu: zimene anthu amayankha akafunsidwa maganizo awo, zimene amachita pa tsiku loponya voti, ndi boma limene limabadwa pambuyo pake.

Nyumba ya malamulo ya ku Iceland imatchedwa Althingi, ndipo ndi imodzi mwa nyumba za malamulo zakale kwambiri pa dziko lonse lapansi. Inayamba m'chaka cha 930 pa chigwa cha Thingvellir, kumene akuluakulu a m'madera onse a chilumbacho ankasonkhana kamodzi pa chaka, m'nyengo yofunda, kudzapanga malamulo ndi kuŵeruza milandu. Dzikolo linaloŵa mu ulamuliro wa mfumu ya ku Norway m'chaka cha 1262, kenaka mu ulamuliro wa mfumu ya ku Denmark. Althingi inathetsedwa mu 1800 n'kudzatsegulidwanso mu 1845 ku Reykjavík, ndipo pa 17 Juni 1944 anthu anasonkhananso pa Thingvellir pomwepo nalengeza kuti adula chingwe chomaliza chimene chinawamangirira ku ufumu wa Denmark.

Althingi ya masiku ano ili ndi mipando 63, motero wofuna kupanga boma lokhazikika ayenera kukhala ndi aphungu 32 pambuyo pake. Mipando imagaŵidwa molingana ndi kuchuluka kwa mavoti amene chipani chilichonse chapeza. Mipando 54 imagaŵidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi za chisankho, ndipo 9 yotsalayo ndi yowongolera chilungamo pakati pa zipani zimene zapeza mavoti osachepera 5 mwa mavoti 100 alionse m'dziko lonse. Chifukwa cha kagaŵidwe kameneka, chiyambire 1944 palibe chipani chimene chinapezapo chokha mipando yoposa theka. Kumeneko mutu umodzi susenzadi denga. Chotero chisankho chilichonse chimadza ndi mafunso aŵiri: loyamba, kuti chipani chilichonse chipeza mipando ingati, lachiŵiri, kuti ndani adzavomera kukhala pa mphasa imodzi ndi mnzake.

Kwa zaka zambiri funso lachiŵirili silinkavuta kwenikweni, pakuti zipani zikuluzikulu zinali zinayi zokha. Chachikulu pa zonse chinali Sjálfstæðisflokkurinn, dzina lotanthauza kuti Chipani cha Ufulu, chimene chinayamba mu 1929 ndipo chinkakondedwa makamaka ndi amalonda ndi eni zombo zophera nsomba. Chinzake chinali Framsókn, chipani cha alimi, chimene chinayamba mu 1916. Ziŵiri zotsalazo zinkaimira anthu apantchito. Koma mu Okutobala 2008 mabanki atatu akuluakulu a dzikolo, Glitnir, Landsbanki ndi Kaupthing, anagwa m'masiku oŵerengeka. Ndalama ya dzikolo inatsika mphamvu, ngongole za anthu zinafufuma, ndipo makamu anasonkhana pakhomo pa Althingi akumenya miphika ndi ziwaya mpaka boma linatula pansi udindo mu Januwale 2009. Kuyambira pamenepo chikhulupiriro cha anthu pa zipani zakale chinaguga, ndipo zipani zatsopano zinayamba kumera.

Chimodzi mwa zatsopanozo chinali Píratar, chimene chinakhazikitsidwa mu Novembala 2012. Dzina lake limatanthauza achifwamba a panyanja, ngakhale kuti eni ake anali anthu okonda makompyuta, ofuna kuti boma lizichita zinthu poyera ndi kuti malamulo aakulu oyendetsera dziko alembedwe mwatsopano. Mmodzi wa atsogoleri awo anali Mayi Birgitta Jónsdóttir, mlakatuli. Ku Iceland munthu amaitanidwa ndi dzina lake loyamba, ngakhale akhale nduna yaikulu, pakuti kaŵirikaŵiri dzina lachiŵiri limangonena kuti iye ndi mwana wa yani. Pa chisankho cha 2013 a Píratar anapeza mavoti ongopitirira 5 mwa 100 alionse, naloŵa mu Althingi ndi aphungu atatu okha. Boma linapangidwa ndi Framsókn pamodzi ndi Chipani cha Ufulu, ndipo nduna yaikulu anali Bambo Sigmundur Davíð Gunnlaugsson a Framsókn.

M'dziko limenelo muli mwambo wofufuza maganizo a anthu pafupipafupi. Mabungwe monga Gallup, yunivesite ya dzikolo ndi nyuzi zina amasankha anthu mazana angapo kapena chikwi, nawafunsa pa lamya kapena pa intaneti kuti akanavotera chipani chiti chisankho chikanakhala tsiku lomwelo. M'chaka cha 2015 kafukufuku wotere anayamba kuonetsa zodabwitsa: chipani cha aphungu atatu chija chinapitirira zipani zonse, ndipo kwa miyezi yambiri anthu oposa 30 mwa 100 alionse ankati ali pambuyo pake.

Pa 3 Epulo 2016 moto unakula. Atolankhani a m'maiko ambiri anaulula zikalata zachinsinsi zochokera ku Panama, zoonetsa anthu amene anasunga chuma m'maiko a misonkho yochepa. M'zikalatamo munali kampani yotchedwa Wintris, imene a Sigmundur Davíð anali nayo pamodzi ndi akazi awo asanawagulitse gawo lawo pa dola imodzi kumapeto kwa 2009. Kampaniyo inali pakati pa amene ankaitanitsa ndalama kwa mabanki ogwa aja. Iwo anakana kuti sanaphwanye lamulo lililonse, koma anthu zikwizikwi anadzaza bwalo la kumaso kwa Althingi, ndipo pa 5 Epulo nduna yaikuluyo inachoka pampando. Boma linalonjeza kuti chisankho, chimene chinayenera kuchitika mu 2017, chichitika chaka chomwecho. M'masiku a mkwiyo amenewo kafukufuku wina anapatsa a Píratar anthu 43 mwa 100 alionse, ndipo nyuzi za m'maiko akutali zinayamba kulemba ngati kuti boma la achifwamba a panyanja lafika kale pakhomo.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pamene chisankho chinkayandikira, chiŵerengero cha a Píratar chinayamba kutsika, kufikira pafupifupi 20 mwa 100 alionse. Pofuna kuti anthu adziŵiretu boma limene akusankha, iwo anachita chinthu chachilendo m'ndale za dzikolo: anaitana zipani zina zotsutsa kuti akambirane za boma la mgwirizano chisankho chisanachitike. Zipani zitatu zinavomera. Choyamba chinali Vinstri græn, chipani choteteza chilengedwe ndi anthu apantchito, chotsogozedwa ndi Mayi Katrín Jakobsdóttir. Chachiŵiri Samfylkingin, mphukira ya zipani zakale za apantchito. Chachitatu Björt framtíð, kutanthauza Tsogolo Loŵala. Koma chipani chatsopano cha Viðreisn, chimene ambiri mwa oyambitsa ake anachoka m'Chipani cha Ufulu, chinakana kudzimangiriratu. Pamenepo Chipani cha Ufulu, motsogozedwa ndi Bambo Bjarni Benediktsson, chinkakumbutsa anthu kuti chuma chabwerera m'chimake. Zinalidi choncho, pakuti m'chaka chimenecho alendo okaona dzikolo anali pafupifupi 1,800,000, ndipo ntchito sizinkasoŵa.

Mavoti ataŵerengedwa, Chipani cha Ufulu chinapeza 29 mwa 100 alionse ndi mipando 21, kuposa mmene kafukufuku wambiri analosera. Vinstri græn inapeza mipando 10. A Píratar anapezanso mipando 10, pa mavoti 14.5 mwa 100 alionse. Framsókn inatsika kuchoka pa 19 kufika pa 8, Viðreisn inapeza 7, Björt framtíð 4, ndipo Samfylkingin inangotsala ndi 3. A Píratar anachulukitsa aphungu awo koposa katatu, komabe chifukwa cha malonjezo a kafukufuku kupambana kumeneko kunaoneka ngati kugonja. Ambiri mwa owatsatira anali achinyamata, amene pa tsiku la chisankho sanapite kukavota mwaunyinji monga anachitira achikulire. Komanso munthu woyankha funso pa lamya ali wokwiya salipira kanthu, pamene woponya voti amaganizira za ntchito yake ndi ngongole ya nyumba yake.

Tsopano masamu anakana mbali zonse. Zipani ziŵiri za boma lakale zinali ndi mipando 29, ndipo zinayi zimene zinakambiraniratu zija zinali ndi 27. Udindo wopereka mphamvu yopanga boma uli m'manja mwa pulezidenti, amene panthaŵiyo anali Bambo Guðni Th. Jóhannesson, katswiri wa mbiri yakale amene analoŵa pampando mu Ogasiti chaka chomwecho, ndiponso amene analembapo buku la mmene maboma a mgwirizano ankapangidwira pakati pa 1968 ndi 1980. Zimene anaŵerenga m'zikalata zakale zinawagwera m'manja. Kuchiyambi kwa Novembala anapereka mphamvuyo kwa a Bjarni, amene anaibweza patapita milungu iŵiri. Anaipereka kwa Mayi Katrín, amene anayesa kulumikiza zipani zisanu, nalephera. Mu Disembala anaipereka kwa Mayi Birgitta, amenenso anaibweza zipani zisanu zomwezo zitalephera kumvana.

Zimene zinkawalekanitsa zinali nkhani zenizeni za moyo wa dzikolo. Ena ankafuna kuti eni zombo azilipira ndalama zambiri pa chilolezo chopha nsomba, pakuti nsomba ndi chuma cha anthu onse. Ena ankakana kusintha dongosolo lakale. Ena ankafuna kukweza misonkho kuti zipatala ndi sukulu zipeze ndalama. Ena ankati misonkho yakwana. Enanso ankafuna kuti anthu afunsidwe ngati dzikolo lipitirize zokambirana zoloŵa m'bungwe la maiko a ku Ulaya, zimene linapempha mu 2009 koma zinaima mu 2013. Chiŵerengero cha mavoti sichinkatha kuyankha mafunso ameneŵa. Pomaliza, pa 11 Januwale 2017, patapita milungu yoposa khumi, a Bjarni anapanga boma pamodzi ndi Viðreisn ndi Björt framtíð, la mipando 32 yeniyeni, popanda wotsalira ngakhale umodzi.

Boma limenelo linakhala miyezi isanu ndi itatu. Mu Seputembala 2017 kunadziŵika kuti bambo awo a Bjarni anasaina kalata yochitira umboni munthu wina amene anamangidwapo chifukwa chogwirira mwana, kuti abwezeredwe ulemu wake pamaso pa lamulo, ndi kuti nduna ya zachilungamo inauza a Bjarni za kalatayo miyezi iŵiri m'mbuyomo popanda zipani zinzawo kudziŵa. Björt framtíð inati chikhulupiriro chatha, nituluka m'boma. Pa chisankho cha pa 28 Okutobala 2017 kafukufuku anakwezanso chipani china: kwa milungu ingapo Vinstri græn inkaoneka kuti itsogola, koma inathera pachiŵiri ndi mipando 11, pamene Chipani cha Ufulu chinapeza 16. Zipani zisanu ndi zitatu zinaloŵa mu Althingi. Björt framtíð, imene inagwetsa boma, sinapeze mpando ngakhale umodzi.

Mayi Katrín anayamba ayesa mgwirizano wa zipani zinayi, wa mipando 32, koma Framsókn inatulukamo ponena kuti mlatho woterowo ndi wopyapyala. Pamenepo anachita chimene owatsatira ambiri sankachiyembekezera: anakhala pansi ndi a Bjarni, amene chipani chawo chinali mdani wakale wa Vinstri græn, pamodzi ndi Framsókn. Pa 30 Novembala 2017 Mayi Katrín anakhala nduna yaikulu ya boma la mipando 35, ngakhale kuti aphungu aŵiri a chipani chawo anakana kuvomereza mgwirizanowo. Boma limene linaoneka losayembekezekalo ndi limene linakhalitsa. Linamaliza zaka zake zinayi, linapambananso mu 2021 ndi mipando 37, ndipo linadzatha mu Okutobala 2024, Mayi Katrín atachoka kale kukapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, umene sanaupeze.

Mtengo wa mgwirizanowo unaoneka pa chisankho cha pa 30 Novembala 2024. Vinstri græn sinafike pa mavoti 5 mwa 100 alionse, ndipo inatuluka mu Althingi yonse. A Píratar, amene kafukufuku anawapatsapo 43, anatulukanso chimodzimodzi. Samfylkingin, imene mu 2016 inali ndi aphungu atatu okha, inatsogola ndi mipando 15, ndipo mtsogoleri wake, Mayi Kristrún Frostadóttir, anapanga boma la zipani zitatu pa 21 Disembala, patangopita milungu itatu.

Mbiri ya zaka zisanu ndi zitatu zimenezi ikuonetsa kuti kafukufuku wa maganizo ali ndi ntchito yake, pakuti mkwiyo umene anauonetsa mu 2016 unali weniweni ndipo unachotsa nduna yaikulu pampando. Koma iye amangoŵerenga mitima ya anthu monga ilili pa tsiku lofunsalo. M'dziko limene chipani chimodzi sichilamulira chokha, boma limapangidwa ndi atsogoleri oŵerengeka atakhala m'chipinda, akupimana kuti ndani angataye chiyani pa nsomba, pa misonkho ndi pa malonjezo awo, ndiponso kuti ndani angamkhulupirire. Ndipo chimene mtsogoleri wataya m'chipindamo, ovota amadzamfunsa pa chisankho chotsatira.