Za Kukhulupirika ku Chipani ndi Kutembenuka kwa Oponya Voti m'Malawi

Pali mawu amene anthu ophunzira amakonda kunena nyengo ya chisankho ikayandikira, akuti Mmalawi saganiza poponya voti, koma amangofunsa kumene wopikisanayo anabadwira ndi chilankhulo chimene anayamwira kwa mayi wake, ndipo akamva kuti ndi wa kwawo amamusankha, angakhale wopanda nzeru kapena wa manja aatali. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo sindidzachibisa. Komatu aliyense amene angakhale pansi ndi kulondola mwachifatse mbiri ya zisankho za dziko lino, kuyambira tsiku lija makolo athu anaima pamzere koyamba mu 1961 kufikira lero, adzaona kuti anthu athu aweruzidwa mopanda chilungamo, pakuti kukhulupirika kwawo kunali ndi chifukwa, ndipo kutembenuka kwawo nako kunali ndi chifukwa.

Kukonda chipani kuno kwathu kunabadwa m'masautso. Bungwe la Nyasaland African Congress, limene linakhazikitsidwa mu 1944 pansi pa utsogoleri wa Levi Mumba, poyamba linali la aphunzitsi, akalaliki, abusa ndi mafumu ochepa olemba madandaulo kwa bwanamkubwa; koma pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakakamizidwa pa anthu mu 1953, ndi pamene alangizi a malimidwe anayamba kulipitsa ndi kumangitsa alimi chifukwa cha mizere ndi migula, pomwe thangata anali asanathe m'minda ya azungu ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhale mayi wosadziwa kulemba dzina lake anazindikira kuti nkhani za Congress ndi nkhani za m'munda mwake. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando chaka chomwecho chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwewo. Dr. Hastings Kamuzu Banda anafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo pa 3 Marichi 1959 boma la atsamunda linagwira atsogoleri usiku, nilitsekera anthu oposa 1,000, ndi kuwombera ena pa doko la Nkhata Bay. Chotero pamene Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party mu Sepitembala wa chaka chomwecho, Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo, munthu wogula khadi la chipani anali ngati wolumbira pamaso pa akufa ndi omangidwa kuti sadzawasiya.

Pa 15 Ogasiti 1961 anthu anaponya voti, ngakhale kuti si onse amene analoledwa, popeza kaundula anali pawiri, wapamwamba wa anthu achuma ndi ophunzira, ndi wapansi wa ena otsala amene anakwanitsa zoyenereza zake. Tambala wakuda, chizindikiro cha Malawi Congress Party, anatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, ndipo pamodzi anapeza mipando 22 mwa 28. Zipani za Chester Katsonga ndi T.D.T. Banda zinagwa chagada. Tsiku limenelo linali la ulemerero, ndipo palibe angalichepetse. Koma m'chigonjetso chomwecho munabisala mbewu yowawa, pakuti m'masiku amenewo munthu wokayikira, wofunsa mafunso, kapena wofuna kumva kaye zimene chipani china chikunena, ankatchedwa kapilikoni ndi wogulitsa dziko, ndipo ena anawotcheredwa nyumba. Kuyambira pamenepo tinaphunzira kuyesa munthu wosintha maganizo ngati Yudasi, ndipo chizolowezi chimenechi sichinatichoke kwenikweni.

Zimene zinatsatira akuzikumbukira bwino amene tsopano ali ndi imvi. Mu 1964 aphungu a Congress analowa m'nyumba ya malamulo popanda wopikisana nawo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi mwalamulo. Mu 1971 Kamuzu anakhala mtsogoleri wamuyaya. Kukhulupirika, kumene kale kunali mphatso yochokera mumtima, kunasanduka imodzi mwa ngodya zinayi, pamodzi ndi umodzi, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo kunayamba kufunsidwa pa chipata cha msika. Mayi wasenza dengu la tomato kuchokera kumudzi, mwana ali kumbuyo, thukuta lili kamukamu, wafika pamsika napeza anyamata a malaya ofiira atatchinga khomo. Atule dengu, amasule mfundo ya pansonga ya nsalu yake, atulutse khadi lopindikapindika la chaka chimenecho, ndipo ngati alibe, agule pomwepo ndi ndalama imene amati agulire mchere. Pokwera basi zinali chimodzimodzi. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula makhadiwo chifukwa cha chikhulupiriro chawo, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi za iwo anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique atamenyedwa ndi kulandidwa zawo.

Kodi anthu oleredwa motere anaphunziranji? Anaphunzira kuvala nsalu ya chipani, kuvina ndi kululutira pabwalo, kwinaku mtima atautsekera m'chipinda chake chamkati kumene wapampando wa nthambi sakanalowako. Ndipo kampata kakang'ono katangopezeka, mtimawo unasuzumira kunja. Mu 1978, pamene boma linalola kuti anthu asankhe pakati pa anthu awiri kapena angapo a chipani chomwecho, aphungu ambiri amene anali pamipando anagwa, ngakhale kuti onse anali a tambala mmodzi. Anthu sakanatha kukhudza mwini dziko, koma phungu amene sanaonekenso kumudzi chisankhidwire anamubweza kwawo.

Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anagwidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 14 Juni 1993 anthu anafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri. Ambiri mwa amene anaima pamizere yaitali m'mawa wozizira wa tsiku limenelo anali ndi makhadi a Congress m'matumba mwawo, ena mwa amayi anali atavinapo m'mbumba zaka makumi awiri. Koma atalowa okha m'kachipinda kovotera, kopanda mfumu, kopanda mwamuna, kopanda wapampando, oposa 63 mwa anthu 100 alionse anasankha nyali. Amene ankawerengera makhadi ogulitsidwa ndi unyinji wa anthu pamisonkhano anadabwa kwambiri, ndipo andale akhala akudabwa motero kufikira lero.

Tsopano tifike pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, chimene chili gwero la mawu aja ndinayamba nawo. Bakili Muluzi wa UDF anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, Chihana wa AFORD pafupifupi 19. Ndipo mwa mipando 177, UDF inatenga 85, MCP 56, AFORD 36. Mipando yonse 33 ya chigawo cha kumpoto inapita ku AFORD, chigawo chapakati chinagwiritsa tambala, ndipo kummwera kunali chikasu cha UDF. Munthu woyang'ana mapu a chisankho chimenecho sangakane kuti dziko linagawika patatu, ndiponso kuti mwambi uja wakuti chibale ndi fupa sichiola unagwira ntchito. Komabe tifunse chimene anthuwo ankakumbukira. Wa ku Rumphi ankakumbukira kuti Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, ndi kuti mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo monga alendo m'dziko lawo lomwe. Wa ku Kasungu ndi ku Dowa ankakumbukira likulu losamukira ku Lilongwe, misewu, ndi ngongole za fodya, ndipo ankaopa kuti olowa m'boma adzabwezera chipongwe pa Achewa onse. Wa ku Machinga ndi ku Mangochi ankakumbukira zimene midzi yawo inaona pambuyo pa kuukira kwa Henry Chipembere mu 1965. Munthu amene sanayambe waonapo boma likugawa zinthu mosakondera, akaika chiyembekezo chake pa mwana wa kwawo, sindimutcha wopusa. Wawerenga bwino zimene zaka makumi atatu zinamuphunzitsa. Ndiponso mapu aja sanali oyera monga amanenera: Ntcheu, ili m'chigawo chapakati, inatsata UDF, ndipo ku chigwa cha Shire, kummwera kwenikweni, MCP inapeza aphungu chifukwa cha Gwanda Chakuamba.

Pali okhulupirika enieni, ndipo ndimawalemekeza. Nkhalamba ya ku Dedza imene inavotera tambala mu 1994, mu 1999, mu 2004, mu 2009, mu 2014, nthawi zonsezo ikugonja, osalandira kalikonse, nikhalabe pomwepo zaka 26 kufikira chipani chake chinabwerera m'boma, ikadafunsidwa ikadayankha kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chipani chopanda anthu otere sichikhalitsa. Koma anthu otere paokha sanaikepo munthu pampando kapena kumuchotsa, pakuti chiwerengero chawo chimadziwika chisankho chisanachitike.

Amene akhala akutembenuza dziko ndi ena aja osagwirika. Taonani anthu a kumpoto, amene mu 1994 ananenedwa kuti ndiwo atsankho koposa: Chihana atalowa ndi kutuluka m'mapangano ndi UDF, anthu ake anamutaya pang'onopang'ono, kotero kuti AFORD, imene inali ndi aphungu 36, inatsala ndi 6 mu 2004, ndi mmodzi yekha mu 2009. Mu 2004 ambiri a iwo anavotera Chakuamba, munthu wa ku Nsanje. Mu 2009 anavotera Bingu wa Mutharika, munthu wa ku Thyolo. Mu 2014 anatsamira kwa Joyce Banda. Chisankho cha 2009 ndicho mboni yaikulu. Bingu analowa m'boma mu 2004 ndi mavoti 36 okha pa 100, nachoka mu UDF mu 2005 ndi kuyambitsa DPP. Koma atabweretsa makuponi a feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, mvula nayo itagwa bwino, nkhokwe zitadzaza m'dziko limene linali litangoika maliro a njala ya 2002, anapeza mavoti 66 pa 100, kuchokera m'zigawo zonse zitatu. Anthu anayang'ana m'nkhokwe, osati pa mapu. Ndipo anthu omwewo, patangopita zaka ziwiri, mafuta a galimoto atasowa ndi mawu a mtsogoleri atayamba kuwawa, anadzaza misewu ya Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre pa 20 Julayi 2011, ena nataya miyoyo yawo.

Chondimvetsa chisoni ndi ichi, kuti amene amalalikira kukhulupirika kwa anthu wamba ndiwo akhala osakhulupirika koposa onse. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko linalembedwa kuti phungu wosankhidwa pa chipani china akaolokera ku chinzake ataye mpando. Komabe mu 2005 aphungu anathamangira kwa Bingu, ndipo iye atamwalira mu Epulo 2012, ambiri anagona ali a buluu nadzuka atavala olenji wa Joyce Banda. Anthu anaona zonsezi, ndipo anabweza moyenera: analandira nsalu, zipewa, malaya ndi ndalama za pamsonkhano kwa aliyense wobwera nazo, mpaka lamulo la zipani la 2018 linachita kuletsa mphatso zogulira mavoti, koma voti anaisunga okha. Mu 2014 anasankha aphungu oima paokha 52 mwa 193, ndipo mu 2019 anasankha 55, ambiri mwa iwo anthu amene akuluakulu a zipani anawakankhira kunja pa zisankho zachipulula. Wovota yemweyo amachonga chipani china pa pepala la mtsogoleri wa dziko, nachonga munthu wopanda chipani pa pepala la phungu, chifukwa ameneyo ndiye anabwera pamaliro, anakonzetsa mjigo ndi mlatho. Ndipo munthu wochita zimenezi sanganenedwe kuti saganiza.

Khoti litathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, ndi kugamula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, mphamvu ya osagwirikawa inakula koposa kale, pakuti palibe chigawo chimene pachokha chingakwanitse theka limenelo. Pa 23 Juni 2020 Lazarus Chakwera, mothandizana ndi Saulos Chilima mu mgwirizano wa Tonse, anapeza mavoti pafupifupi 59 pa 100, ndipo Peter Mutharika anachoka pampando. Pa 16 Sepitembala 2025, mitengo ya chimanga, feteleza ndi shuga itakwera, mizere ya mafuta itabwerera, Mutharika yemweyo anapeza pafupifupi 57 ndipo Chakwera anatsikira pa 33. Palibe mtundu umene unasamuka m'zaka zisanu zimenezo, palibe chigawo chimene chinasintha malire. Ndi anthu omwewo, amayi a pamsika, anyamata a kabaza, aphunzitsi ndi alimi, amene anakweza munthu ndi kumutsitsanso.

Chifukwa chake ndikupempha inu atsogoleri a zipani, ndi inu nonse amene mumayenda m'midzi nyengo ya kampeni, kuti muleke kutcha anthu otere osakhazikika kapena ogulitsa, ndipo mulekenso kuwerengera maboma athunthu ngati katundu wa makolo anu. Chisankho china chikubwera mu 2030, ndipo amene adzakuweruzani ndi omwewa.