Nyumba ya miyala ija tiyitani?

Nkhani yanga ndi ya nyumba ya miyala ili kumtunda kwa dimba langa, ija ana amati muli mizukwa. Mwezi wathawu ndinapeza anyamata akugumula khoma lake lakumadzulo, miyala nkumakweza pangolo kukagulitsa kwa omanga maziko. Nditawaletsa, mmodzi anati, "Achimwene, nyumba ya mtsamunda mukuimvera chisoni chanji?" Funso limeneli landisowetsa tulo.

Niassa yathuyi inali m'manja mwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa mpaka 1929, pamene boma la Apwitikizi linayamba kulamulira lokha. Kuchokera 1938 ulimi wa thonje wokakamiza unakula, ndipo unadzathetsedwa mu 1961. Njanji yochokera ku Nacala inadutsa pa Cuamba, nthawi imeneyo Nova Freixo, nkukafika ku Vila Cabral, Lichinga wa lero, mu 1969. Azungu olima ndi a makantina ankakhazikika motsata msewu ndi njanjiyi. Mwini nyumba ija anabwera m'zaka za m'ma 1950.

Koma mzunguyo sananyamulepo mwala ngakhale umodzi. Malemu agogo anga aamuna ankandionetsa pamutu pawo pomwe tsitsi linaleka kumera, amvekere, "Nkhata inalephera apa, mdzukulu wanga." Anasenza miyala kuchokera kuphiri chilimwe chonse, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti. Ankanenanso kuti mmisiri wamkulu anali munthu wakuda, wophunzira ntchito ku mishoni ya Massangulo, imene ansembe a Consolata anatsegula mu 1928.

Ndiye kaioneni ntchito yake! Khoma kunenepa kwake ndi kuyambira pachigongono changa mpaka kunsonga ya zala. Miyala ikuluikulu ili pansi ndi m'makona, yolumana ngati mano, timiyala ting'onoting'ono totsekera mipata, zonse zomata ndi laimu wosakaniza mchenga. Masana a Okutobala, kunja kukuwotcha, ukagwira khoma mkati limazizira ngati mtsuko. Pansi anakweza masitepe atatu kuti chinyontho ndi chiswe zisalowe. Khonde linazungulira mbali zitatu, kuteteza makoma ku mvula. Mafelemu a zitseko ndi a mlombwa, awiri akadalipo, chiswe chinawalephera. Kuseri kuli thanki ya simenti yomwe inkalandira madzi a padenga. Ine nyumba yanga ya zidina ndaimanga kawiri m'zaka khumi, iyi ili chiimire.

Ufulu utabwera mu 1975, mwini wake anapita. Nthawi ya nkhondo anthu ambiri kuno anathawira ku Malawi kudzera ku Mandimba ndi Chiponde, makolo anga omwe. Pobwerera, mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa, anapeza malata onse atapita, mkuyu utamera pabalaza.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, la nambala 10/88. Limateteza nyumba zonse zomangidwa chisanafike chaka cha 1920. Yathuyi ndi yam'mbuyo mwake, choncho ikapanda kutetezedwa ndi ife eni mudzi, ipita pangolo mwala umodziumodzi.

Ena mu kalabu yathu akuti igwe basi, imatikumbutsa chibalo. Sindikuwatsutsa, chikoti chinalipodi. Koma kwa ine thukuta lili m'makomamo ndi la agogo, ndipo manda awo alibe ngakhale mwala wolembapo dzina.

Zipinda ziwiri zakum'mawa zilibe mng'alu. Titasonkha malata makumi awiri ndi mitengo ya bulugamu, tingasungiremo chimanga ndi soya, tileke kugulitsa motchipa nthawi yokolola poopa anankafumbwe ndi mvula. Amfumu avomera kuti tikakumane pakhonde pomwepo Loweruka, pulogalamu ya alimi ikatha. Anyamata a ngolo aja ndawaitananso, ndipo amene ali ndi nkhwangwa abwere nayo, tiyambe ndi mkuyu uja.