Livingstonia: Dzina Lomwe Lidasamuka Kawiri Lisanakhazikike pa Khondowe

Kwathu kuno mwana sapatsidwa dzina asanatuluke m'chikuta. Amayamba wabadwa, mchombo n'kugwa, kenako akuluakulu n'kugwirizana zoti amutche ndani. Livingstonia idadumpha mwambo umenewu. Dzinali lidatchulidwa ku Scotland m'mwezi wa Meyi 1874, kulibe ngakhale msasa umodzi woti munthu n'kuulozera chala, ndipo padapita zaka 20 lisanafike pomwe tikulidziwa lero, pamwamba pa Khondowe m'boma la Rumphi, pomwe pali Yunivesite ya Livingstonia.

Tanthauzo lake silivuta. Azungu akafuna kutcha dera dzina la munthu amawonjezera "-ia" kumapeto, monga adachitira ndi Rhodesia potengera dzina la Cecil Rhodes. Ife tikadangoti "kwa Livingstone", monga timanenera kuti kwa Mponda kapena kwa Kachindamoto. Koma kwa Mponda kudakhaladi Mponda. David Livingstone sadapondepo phazi pa Khondowe. Nyanja ya Malawi adaiona koyamba mu Sepitembala 1859, ndipo mu 1861 adailondola pa bwato kulowera kumpoto n'kubwerera ali cha ku dera la Nkhata Bay. Ambiri amene amakwera phirilo kukaona malo amakhala akuganiza kuti akupita kumudzi komwe Livingstone adamanga. Ayi ndithu. Mwini dzinayo adali atagona kale m'manda zaka 20 pomwe njerwa yoyamba inkaumbidwa kumeneko.

Livingstone adamwalira mu Meyi 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dera la Ilala lomwe lero lili m'dziko la Zambia. Anyamata ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, adaumitsa mtembowo n'kuunyamula wapansi mpaka ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Adauika ku Westminster Abbey, mumzinda wa London, pa 18 Epulo 1874. Pakati pa anthu a pamalirowo padali M'busa James Stewart, mkulu wa sukulu ya Lovedale ku South Africa.

Nkhani ya Stewart njoseketsa pang'ono. Ali mnyamata adatsatira Livingstone ku Zambezi, koma zomwe adakaonako, malungo, nkhondo, njala ndi imfa za amishoni, zidamukhumudwitsa kwambiri moti adatenga buku la Livingstone lomwe lidamukopa kuti abwere ku Africa n'kuliponya mumtsinje. Patapita zaka zoposa 10, munthu yemweyo ndiye adaimirira pamsonkhano waukulu wa mpingo wa Free Church of Scotland n'kunena kuti chikumbutso choyenera cha Livingstone si chipilala ayi, koma malo ophunzitsirapo Mawu a Mulungu pamodzi ndi ntchito za manja, pakatikati pa Africa, malo oti adzakule n'kusanduka tauni, kenako mzinda wa malonda ndi maphunziro. Malo amenewo, adatero Stewart, adzatchedwe Livingstonia. Anthu a chuma a ku Glasgow, monga James Stevenson ndi James White, adapisa m'matumba. Choncho dzina lidapezeka, ndalama zidapezeka, chosowa adali malo okha.

Ndiye chifukwa chake ine ndimati Livingstonia poyamba silidali dzina la malo. Lidali dzina la ntchito. Komwe ntchitoyo yatula katundu, komweko n'ku Livingstonia.

Gulu loyamba lidanyamuka mu 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young, msilikali wa pamadzi yemwe adafikapo kale kunyanjayi mu 1867 pofufuza mphekesera yoti Livingstone waphedwa. M'gululo mudali dokotala wachinyamata wa ku Aberdeen, Robert Laws, wa zaka 24. Mudalinso Henry Henderson wa mpingo wina, Church of Scotland, yemwe adatumidwa kudzafuna malo ena; malo akewo ndi amene adadzatchedwa Blantyre, dzina la mudzi womwe Livingstone adabadwira. Adabwera ndi sitima yaing'ono ya nthunzi yomwe adaitcha Ilala, kukumbukira dera lomwe Livingstone adatsirizikira. Pa mathithi a mtsinje wa Shire sitimayo adaiphwasula, anthu mazanamazana n'kusenza zitsulo zake pamutu ndi pamapewa mpaka kumtunda kwa mathithiwo, komwe adakailumikizanso. Idalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Ilala yomwe imayenda panyanja masiku ano si imeneyo, idangotengera dzina.

Mfumu Mponda itawaloleza, adatsikira ku Cape Maclear, komwe eni ake amati ku Chembe. Nakonso dzina lachizungulo adapereka ndi Livingstone, polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi ku Cape Town. Livingstonia woyamba adali ameneyu, m'boma lomwe lero ndi Mangochi, kutali kwambiri ndi Rumphi. Dooko lidali labwino, sitima inkakocheza bwino. Koma nthaka yolima idali yochepa, midzi idali patalipatali, ndipo malungo sadachite nawo chisoni. Mu 1876 kudabwera alaliki anayi achikuda ochokera ku Lovedale: William Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. Chaka chotsatira Mngunana adamwalira, Dokotala William Black nayenso adamwalira. Pofika 1881 ku Cape Maclear kudali manda asanu a antchito a mishoni, pomwe wobatizidwa adali mmodzi yekha, Albert Namalambe, yemwe adalandira ubatizo mu Malichi chaka chomwecho. Mandawo alipo mpaka lero, kuseri kwa malo ogona alendo omwe adadzaza gombelo.

Dzinali lidayamba kuphuka nthambi lisanakhazikike n'komwe. Kampani yomwe idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 kuti izibweretsa katundu wa amishoni ndi kuchita malonda panyanja poyamba inkatchedwa Livingstonia Central Africa Company. Ndiyo idadzasanduka African Lakes, imene Amalawi adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir.

Mu 1881 Laws adasamutsa likulu kupita ku Bandawe, pakati pa Atonga, m'boma la Nkhata Bay. Namalambe adatsala akuyang'anira ku Cape Maclear. Ku Bandawe zinthu zidayenda mosiyana: Atonga adalandira sukulu ndi manja awiri, mwa zina chifukwa ankafuna bwenzi loti liwathandize pa mkangano wawo ndi Angoni a M'mbelwa a kumapiri. William Koyi, yemwe chilankhulo chake chinkamvana ndi Chingoni, ndiye adatsegula khomo la ku Ungoni. Adakhazikika ku Njuyu mu 1882 ndipo adamwalirira komweko mu 1886. Ekwendeni adatsegulidwa mu 1889. Koma Bandawe nayenso ndi kunyanja, ndipo malungo adapitiriza kudya anthu. Kuwonjezera apo, Laws adali ndi maganizo a sukulu yaikulu yophunzitsa aphunzitsi, abusa, a zachipatala ndi amisiri, ndipo idafunika malo ozizira, a madzi ambiri, a mitengo ndi a minda.

Adawapeza mu 1894, atayendayenda m'mapiri a kum'mawa kwa Nyika pamodzi ndi Yuriya Chatonda Chirwa. Khondowe ndi chidikha chokhala pamwamba pa phiri, pafupifupi mamita 900 kuchokera pomwe pali madzi a nyanja, m'dziko la Aphoka. Ukaima m'mphepete mwake nyanja imaoneka pansi penipeni, ndipo kukakhala kopanda nkhungu umaona mapiri a tsidya lina ku Tanzania, omwe nawonso pamapu amalembedwa dzina la Livingstone. Chapafupi pali mathithi a Manchewe, omwe kuseri kwake kuli mapanga momwe anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo. Apa m'pomwe dzina lija lidatula katundu kachitatu, osanyamukanso.

 Sukuluyo idadzatchedwa Overtoun Institution, polemekeza Lord Overtoun, mwana wa James White uja, yemwe adathira ndalama zambiri pa ntchitoyi. Ndipo ndalamazo zidaoneka. Zaka zoyambirira za m'ma 1900 pa Khondowe padali kale madzi a m'mipope ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, pomwe matauni ambiri a Nyasaland ankaunikira nyali za mafuta. Nyumba ya miyala yomwe Laws ankakhalamo, Stone House, idamangidwa mu 1903, ndipo lero muli malo osungiramo zinthu zakale. Chipatala cha David Gordon Memorial chidatsegulidwa mu 1911. Msewu wotsikira kunyanja, womwe anthu amautcha Gorodi, adausema ndi manja m'mbali mwa phiri, ndipo uli ndi makona akuthwa 20, ena oti galimoto yaitali imayamba yabwerera m'mbuyo kuti ikhote. Amene adakwerapo pa lole nthawi ya dzinja, matayala akuterereka m'mphepete mwa phompho, sasowa wowafotokozera chifukwa chake anthu a kumeneko adalirira msewu wa phula wodzera ku Njakwa kwa zaka zambiri.

Chidapatsa dzinali ulemu si nyumba zimenezi koma anthu omwe adatsika phirilo. David Kaunda, Mtonga wophunzira ku Khondowe, adapita kukalalikira ku Chinsali, ndipo mwana wake Kenneth adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Clements Kadalie adakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba adali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo pambuyo pake adakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Abusa oyamba achikuda a mishoniyi, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914. Tisabise, ambiri mwa ophunzirawa adakhumudwa ndi amishoni omwewo, omwe ankaphunzitsa munthu mpaka Chigiriki koma n'kumazengereza zaka ndi zaka kumupatsa udindo. Charles Domingo adatopa kudikira kudzozedwa n'kuchoka. Mwasi naye adatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake. Komabe kulikonse komwe ankapita, ku migodi ya Joni, ku Harare, ku Tanganyika, akanena kuti adaphunzira ku Livingstonia ntchito ya ukalaliki inkapezeka msanga.

Mpingo wa CCAP udabadwira pa Khondowe pomwepo mu 1924, pomwe a Livingstonia ndi a Blantyre adagwirizana kukhala amodzi. A Nkhoma adalowa mu 1926. Ndipo mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti, lidaponya uthenga kuchokera m'ndege kufunsa azungu a pa mishoni ngati akufuna kusamutsidwa. Yankho adalilemba pa kapinga ndi miyala yopakidwa laimu, zilembo zikuluzikulu zoti woyendetsa ndege awerenge: Aefeso 2:14. Sadachoke.

Yunivesite ndiye idachedwa. Laws ankafuna kuti Overtoun idzakhale koleji yeniyeni, koma m'zaka za m'ma 1920 akuluakulu a mpingo ku Scotland ndi alangizi a maphunziro a nthawiyo ankaona kuti Mwafirika akufunika maphunziro a ulimi ndi a m'mudzi, osati apamwamba chotero. Laws adachoka mu 1927, atagwira ntchito zaka 52, ndipo adamwalira mu 1934 maloto akewo asanakwaniritsidwe. Yunivesiteyo idadzatsegulidwa ndi Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, pansi pa utsogoleri wa Amalawi eni ake, mu 2003, kuyambira ndi maphunziro a uphunzitsi. Si ya boma, ndi ya mpingo, ndipo poiyerekeza ndi mayunivesite a ku Zomba, Blantyre kapena Lilongwe ndi yaing'ono. Ophunzira amangoti UNILIA. Nthambi ya pa Khondowe adaitcha Laws Campus, ndipo m'mene ndikuonera apa m'pomwe chilungamo chidachitika, chifukwa munthu amene adathera moyo wake paphiripo adali Laws, osati Livingstone. Nthambi ina ili ku Ekwendeni, kufupi ndi Mzuzu, komwe kumaphunzitsidwa za ubusa ndi maphunziro ena. Likulu la Sinodiyo nalonso lili mumzinda wa Mzuzu. Choncho munthu akhoza kukhala ndi digiri ya Livingstonia, kapena kukhala mkhristu wa Livingstonia moyo wake wonse, osakwerapo Gorodi. Kuli ngakhale hotela ya dzina lomweli ku Senga Bay, m'boma la Salima, yomwe imasokoneza alendo ena. Koma akuluakulu a kumpoto akamakamba za malo enieniwo amangoti ku Khondowe.

Chotsala n'chakuti dzinali lidapulumuka bwanji ufulu utabwera, poti maina ambiri achizungu adafafanizidwa. Fort Johnston idakhala Mangochi, Port Herald idakhala Nsanje, Fort Manning idakhala Mchinji, Fort Hill idakhala Chitipa. M'munsi mwenimweni mwa phiri la Khondowe, Florence Bay idabwerera ku dzina la Chitimba, ndipo Deep Bay idakhala Chilumba. Ku Zambia nakonso Fort Jameson idakhala Chipata, Abercorn idakhala Mbala, Broken Hill idakhala Kabwe, koma tauni ya Livingstone sadaikhudze. Ochuluka mwa maina ochotsedwawo adali a malinga a asilikali ndi a akuluakulu a boma la atsamunda, pomwe la Livingstone anthu ankaligwirizanitsa ndi kuthana ndi malonda a akapolo, ndi sukulu, ndi chipatala. Ndikuganizanso kuti padali chifukwa china chapafupi. Ambiri mwa omenyera ufulu, m'maiko onse awiri, adali ana kapena adzukulu a sukulu za mishoniyi. Kamuzu Banda adayamba kuphunzira m'sukulu za Livingstonia ku Kasungu, malume ake Hanock Msokera Phiri adaphunzira pa Khondowe penipeni, ndipo iye mwini adadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland.